Kalabu ya anthu 70 kumwera kwa Joni: chipinda, phokoso, magetsi ndi ndalama za pakhomo

Malo omwe lipotili likunena ndi shopu yakale ya m'mbali mwa msewu, ya mtundu womwe wadzaza ku Rosettenville, ku Turffontein ndi ku Yeoville. Makoma ndi a njerwa, kumaso kuli galasi lalikulu, pansi pali matailosi, denga ndi la malata lokhala ndi siling'i yopyapyala, ndipo kuseri, mukangodutsa kampanda, kuli nyumba zogonamo anthu. Miyezo yomwe tiwerengere ndi mamita 14 m'litali, 7 m'lifupi ndi 3.2 kupita m'mwamba. Woyendetsa malowa ndi Mmalawi wochita lendi. Ali ndi bala ndi kakhitchini ka nsima, nsomba ndi kanyenya, ndipo akufuna kuti kumapeto kwa sabata kuzimveka bandi yeniyeni ya ng'oma, besi, gitala, kiyibodi ndi oimba atatu, m'malo mwa DJ yekha.

Pafupifupi aliyense woyamba ntchito imeneyi amathamangira kogula masipika. Ndalama ikatha m'pamene amazindikira kuti mawu a woimba sakumveka, aneba akuimbira foni apolisi a mzinda a JMPD, ndipo magetsi akuzima nthawi iliyonse wophika akayatsa makina okazingira tchipisi. Ndondomeko yomwe imapulumutsa ndalama imayambira kwina: mapepala, makomo, denga, mawaya, kenako zokuzira mawu pomalizira.

Anthu ake ndi nthawi yawo

Omvera a kalabu yotereyi ndi anthu apantchito: a m'nyumba za mabwana, a m'magadeni, matelala, operekera zakudya m'malesitilanti, alonda, omanga. Ambiri amaweruka Loweruka masana kapena madzulo ndipo Lolemba mbandakucha ayenera kukhala ali pamzere wa tekisi. Pamwamba pa Amalawi pamabweranso anzathu a ku Tete ndi a ku Chipata omwe chilankhulo ndi chimodzi. Oimba nawonso ambiri ndi apantchito, ndipo luso lawo analinolera m'makwaya ndi m'magulu oimba a m'matchalitchi. Si zachilendo kupeza wa gitala wa ku Congo wochokera ku Yeoville kapena wa besi wa ku Zimbabwe akuimba limodzi ndi anyamata a ku Mangochi ndi a ku Mzimba.

Zimenezi ndiye zimasankha tsiku. Lamulungu kuyambira 2 koloko masana mpaka 8 koloko madzulo ndi nthawi yabwino kuposa Lachisanu usiku. Anthu atuluka m'tchalitchi, matekisi akadayenda, amayi amabwera mosaopa kubwerera mumdima, ndipo malire a phokoso a masana ndi ofewa kuposa a usiku. Phwando lofika 2 koloko usiku limakakamiza aliyense kulipira Uber kapena Bolt, ndalama yomwe ikadalowa pa bala.

Mwezi nawo uli ndi mafunde ake. Malipiro amabwera kuyambira pa 25 mpaka kumapeto kwa mwezi, ndipo sabata yoyamba ndalama yambiri imapita ku lendi ndi kumudzi kudzera ku Mukuru ndi ena otumiza ndalama. Bandi yodula iikidwe Lamulungu loyandikira malipiro. Pakati pa mwezi ndi pa oimba awiri kapena atatu opanda ng'oma zonse. Mu Disembala mabasi a pa Park Station amatenga theka la omvera kupita nawo kumudzi, ndipo mu Januwale obwerera amakhala matumba ali gwa, choncho lendi ya miyezi iwiriyi iyenera kusungidwa kuchokera pa masiku odzaza monga sabata ya 6 Julaye ndi ya Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala. The Orbit ya ku Braamfontein, yomwe inali ndi dzina lalikulu pa jazz, inatsegulidwa mu 2014 n'kutsekedwa mu 2019 chifukwa cha mavuto a ndalama. Kutchuka kwa malo sikulipira lendi ya miyezi yowuma.

Mapepala

Pepala loyamba kulifunsa, musanasainire lendi, ndi zoning certificate ya malowo kuchokera ku khonsolo, pepala lonena ntchito zomwe zimaloledwa pamalopo. Shopu yololedwa kugulitsa katundu siyololedwa yokha kukhala malo azisangalalo. Mu ndondomeko ya kagwiritsidwe ntchito ka malo ya mzinda wa Johannesburg ya 2018, place of amusement ndi gulu lapadera. Landilodi akanena kuti "musadandaule, kunali bala kale", mawuwo alibe ntchito mpaka pepala litaoneka.

Laisensi ya mowa imaperekedwa ndi Gauteng Liquor Board pansi pa lamulo la chigawochi la 2003. Pempho limalengezedwa mu Gazette ya chigawo ndi m'manyuzipepala, anthu ozungulira ali ndi ufulu wotsutsa, ndipo masukulu ndi matchalitchi omwe ali mkati mwa mamita 500 amawerengedwa. Ku Rosettenville, komwe shopu zambiri zakale zinasanduka matchalitchi, mfundo imeneyi ndi yolemera. Laisensi imamangidwa pa munthu ndi pa malo, ndipo imakonzedwanso chaka ndi chaka. Apa ndi pomwe Amalawi ambiri amagwera m'mbuna: amaika ndalama zawo zonse m'malo omwe laisensi yake ili m'dzina la mnzawo wa kuno, popanda mgwirizano wolembedwa. Tsiku lomwe ayambana, mwini laisensi amatsala ndi bizinesi, woika ndalama amatsala ndi masipika. Mgwirizano ulembedwe ndi loya, unene za gawo la aliyense, katundu wa aliyense ndi njira yosiyanirana. Komanso chiphaso chokhalira m'dziko muno cha woyendetsa malo chikhale chomulola kuchita bizinesi.

Kugulitsa chakudya kumafuna laisensi ya bizinesi ya pansi pa lamulo la 1991 ndi Certificate of Acceptability yochokera kwa a zaumoyo. Alonda a pakhomo akhale olembetsedwa ku PSIRA, bungwe loyang'anira ntchito za ulonda. Nyimbo nazo zili ndi eni ake: SAMRO imatolera za opeka nyimbo, SAMPRA za nyimbo zojambulidwa zomwe DJ amaika. Bandi izilemba mndandanda wa nyimbo zomwe yaimba tsiku lililonse, pakuti popanda mndandandawo wopeka wa kumudzi wolembetsedwa ku COSOMA alibe umboni woti nyimbo yake inamveka ku Joni.

Za moto sizofunika kunyengererana. Amalawi a mu Joni akukumbukira moto wa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023, womwe unapha anthu oposa 70, ena mwa iwo abale athu. Malamulo a zomangamanga amawerengera munthu mmodzi pa sikweya mita imodzi m'malo azisangalalo opanda mipando yokhomera. Chipinda chathu chili ndi masikweya mita 98, koma tikachotsa steji ya mamita 4 ndi 2.4, bala, kanjira ka kuchimbudzi ndi kachipinda ka pakhomo, patsala pafupifupi 70. Nambala yomwe a Emergency Management Services, ozimitsa moto a mzinda, alemba pa chiphaso ndiyo malire, ndipo ipachikidwe poonekera. Makomo otulukira akhale awiri, otsegukira kunja, okhala ndi chizindikiro chowala ngakhale magetsi atazima. Cholakwa chofala ndi loko pa geti lachitsulo la khomo lakuseri, woikidwa poopa olowa mwaulere, kiyi ali m'thumba la munthu yemwe wapita kukagula ayezi. Khomo limenelo likhale ndi chotsegulira chokankha cham'kati ndi mlonda, osati loko. Zozimitsira moto za ufa za 4.5 kg zikhale pa bala ndi pafupi ndi steji, kukhitchini kukhale bulangete lozimitsira moto wa mafuta, ndipo zonse ziunikidwe chaka chilichonse. Masilinda aakulu a gasi akhale panja m'khola lachitsulo.

Chifukwa chomwe woimba samveka

Ombani m'manja m'chipinda chopanda kanthuchi, mudzamva mawu akuzungulira nthawi yaitali asanazilale. Nthawi imeneyo imawerengeka. Chipinda chili ndi makiyubiki mita 314. Njerwa zopaka pulasitala, matailosi ndi galasi zimameza mawu ochepa kwambiri, moti makoma, pansi ndi siling'i zonse pamodzi, masikweya mita 330, zimameza ngati zenera lotsegula la masikweya mita 20 basi. Chulukitsani 314 ndi 0.161, mugawe ndi 20: mupeza masekondi 2.5. Kwaya ingasangalale ndi chipinda chotere, koma kwa bandi ya ng'oma n'chisokonezo, chifukwa kugunda kulikonse kumagwera pamwamba pa kugunda kunzake kusanathe. Bandi imafuna masekondi 0.6 mpaka 0.8.

Woyendetsa zokuzira mawu wosazindikira amakweza maiki ya woimba, wa gitala naye amakweza ampu yake, wa ng'oma amawonjezera mphamvu, ndipo mawu a nyimbo amangokwiririka. Mankhwala ake ndi kumeza mawu. Mafelemu 24 a matabwa a 1.2 ndi 0.6 mita, odzazidwa ndi mineral wool (ulusi wonga thonje womeza mawu) yolimba ya 50 mm n'kukutidwa ndi nsalu yopitisa mpweya, amawonjezera kumeza kwa masikweya mita pafupifupi 15. Chitenje chimagwira bwino ntchito imeneyi ndipo chimakongoletsa, bola chipoperedwe mankhwala ochedwetsa moto. Mafelemu 8 aikidwe pakhoma lakuseri kwa steji ndi m'mbali mwa ng'oma, 6 pasiling'i pamwamba pa steji, otsalawo pakhoma loyang'anizana ndi masipika ndi m'mbali, pamsinkhu wa mutu wa munthu woimirira. Kusiya mpata wa 50 mm pakati pa felemu ndi khoma kumathandiza kumeza mawu otsikirapo popanda kugula china. Katani lolemera lopindapinda la masikweya mita 20 pagalasi la kumaso limawonjezera 10. Tikafika pa 45, chipinda chopanda anthu chatsikira pa masekondi 1.1, ndipo anthu 60 akalowa, matupi ndi zovala zawo zimachitsitsira pafupi ndi 0.7. N'chifukwa chake mawu oyesedwa masana m'chipinda chopanda anthu amafunika kukonzedwanso pa nyimbo ziwiri zoyamba.

Matileyi a mazira ndi matiresi a siponji okhomera kukhoma achotsedwe. Mawu omwe amameza ndi ochepa, otuluka panja sawatchinga n'komwe, ndipo akagwira moto amayaka msanga ndi utsi wakupha.

Chipindachi chili ndi vuto lina lobisika: litali lake ndi lifupi kawiri ndendende. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndipo funde la 49 Hz, lonjenjemera ka 49 pa sekondi, ndi lotalika mamita 7. Limakwana kamodzi m'lifupi, kawiri m'litali, choncho chipinda chimalikuza kuchokera mbali zonse ziwiri. Pa besi, 49 Hz ndi G wotsika, pa fret yachitatu ya nsambo yaikulu. Oimba reggae ya mtundu wa ku Chileka amadutsa pa G ameneyu kawirikawiri, ndipo akangomugunda mabotolo amanjenjemera pa shelefu pomwe manotsi ena akumveka mofooka. Wa besi amaimbidwa mlandu pachabe. Sub, sipika ya mawu otsika kwambiri, ichotsedwe pakona, pomwe imadzutsa mafunde onse a chipinda mwamphamvu, ndipo pa mikisa padulidwe kagawo kopapatiza pa 49 Hz ndi madesibeli 5 kapena 6. Yendani m'chipinda wa besi akuimba manotsi mmodzimmodzi, mumve ngati alingana.

Phokoso lotuluka panja

Kumeza mawu m'kati ndi kutchinga mawu opita panja ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo mafelemu 24 aja sathandiza neba ngakhale pang'ono. Muyezo wa SANS 10103, womwe oyesa phokoso a khonsolo amatsamira, umaika dera la m'tauni pa madesibeli 55 (55 dBA) masana ndi 45 dBA usiku, ndipo dera losakanikirana ndi mabizinesi ndi misewu yaikulu pa 60 ndi 50. Usiku umayamba 10 koloko. Bandi m'kati ikakhala pa 98 dBA, phokoso liyenera kutsika ndi madesibeli pafupifupi 50 lisanafike pazenera la neba.

Khoma la njerwa lopaka pulasitala limachotsa 45 kapena kuposa. Vuto ndi mabowo. Bowo lokwana gawo limodzi mwa magawo 100 a khoma limatsitsa mphamvu ya khoma lonse kufika pa madesibeli 20, kaya njerwa zake n'zokhuthala bwanji. Chitseko chotsegula cha masikweya mita 2 pa khoma la kumaso la masikweya mita 22 chimasiya madesibeli 10 okha. Ndiye chinthu choyamba kumanga ndi kachipinda ka pakhomo ka zitseko ziwiri zolemera zathabwa lolimba, zotalikirana mita imodzi ndi theka, zokhala ndi labala m'mbali ndi pansi komanso chida chodzitsekera, kuti chimodzi chizitseguka chinzake chitatsekeka. Zonse zitsegukire kunja. Njerwa zamabowo zopitisa mpweya, mazenera a kuchimbudzi ndi mpata wa pakati pa khoma ndi denga zitsekedwe ndi matope a simenti.

Kenako denga. Malata ndi siling'i yopyapyala zimapitisa besi ngati sefa. Pamafunika kulemera: zigawo ziwiri za gypsum board ya 12.5 mm, molumikizira mosagwirizana, m'mbali momatidwa, pamwamba pake mineral wool ya 100 mm. Bolodi imodzi imalemera makilogalamu 9 kapena 10 pa sikweya mita, kotero zigawo ziwiri pa masikweya mita 98 zikuyandikira matani 2. Mitengo ya denga la shopu yakale iunikidwe ndi injiniya kaye, ndipo landilodi avomere molemba. Siling'i yomweyi imathandiza m'dzinja la kuno, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, pomwe matalala akugwa pamalata amatha kuposa bandi.

Chipinda chotsekedwa chonchi chimasanduka uvuni, ndipo anthu akatenthedwa amatchinjiriza chitseko ndi kireti ya mowa, ntchito yonse ija n'kupita pachabe. Pamafunika fani yotulutsa mpweya ndi njira yolowetsa wina, powerengera malita 8 mpaka 10 pa sekondi pa munthu, kutanthauza malita 560 mpaka 700 pa anthu 70. Mapaipi ake akhale ndi makona awiri ndi zomeza mawu m'kati, ndipo aloze kumsewu, osati kumazenera a kuseri.

Madandaulo ambiri a aneba sakhala a bandi ayi. Amakhala a anthu osuta ndi kucheza panja, magalimoto otsegula nyimbo, mabotolo otayidwa m'bini pakati pa usiku ndi okodza pampanda. Mlonda mmodzi akhale wa panja, mabotolo atayidwe m'mawa, ndipo aneba oyandikana apatsidwe nambala ya foni ya woyang'anira ndi ndandanda ya masiku a bandi. Kwa mlendo m'dziko la eni iyi ndi nkhani ya chitetezo: mu Febuluwale 2017 anthu a ku Rosettenville anatentha nyumba zomwe ankaziganizira kuti ndi za mankhwala ozunguza bongo ndi uhule. Malo omwe aneba amawadziwa m'kati mwake savuta kuwateteza mphekesera zikayamba. Chida choyezera phokoso chotsika mtengo ndi kabuku n'zokwanira: lembani muyezo wa m'kati ndi wa pampanda wakuseri kawiri pa phwando lililonse, ndi nthawi yake. Oyesa a khonsolo akabwera, kabukuko kamasonyeza kuti mukuyang'anira.

Magetsi

Masoketi a shopu zakale nthawi zambiri amakhala pa breaker imodzi kapena ziwiri za 20 A. Pa 230 V, imodzi imanyamula 4,600 W. Zida zonse za bandi, kuphatikizapo masipika awiri, sub, mamonita atatu (masipika oti oimba azidzimva), maampu, mikisa ndi nyali za LED, sizidutsa kwenikweni 2,000 W. Makina okazingira tchipisi amadya 3,000 W, ketulo 2,000 W. Ziwirizi zokha zadutsa kale malire. Ndiye breaker ikagwa pakati pa nyimbo, yang'anani kukhitchini musanaloze chala bandi. Wamagetsi wovomerezeka akoke mzere wapadera wa steji kuchokera pa DB board, bokosi logawa magetsi, pa waya wa 2.5 mm² ndi breaker yakeyake, khitchini ndi mafiriji zikhale pa mizere ina, ndipo apereke CoC, chiphaso chotsimikiza kuti mawaya aikidwa motsata malamulo.

Kung'ung'uza kwa 50 Hz m'masipika kumabwera zida zolumikizana zikamalandira magetsi kuchokera ku masoketi a mizere yosiyana. Mikisa, masipika ndi maampu onse adye pa mzere umodzi, ndipo kiyibodi, besi ndi laputopu ya DJ zidutse mu DI box, kabokosi kolumikizira chida ku mikisa, pomwe pali kabatani ka ground lift. Pali mchitidwe woipa wothyola phini ya earth pa pulagi kuti kung'ung'uza kuthe. Kumathadi, koma tsiku lomwe ampu yawonongeka m'kati, magetsi amadutsa mu nsambo za gitala kupita pamilomo ya woimba yomwe yakhudza maiki. Woimba akanena kuti maiki ikumuluma, phwando liime mpaka cholakwika chipezeke. Earth leakage ya 30 mA, yomwe imadula magetsi akayamba kudutsa polakwika, iyesedwe ndi batani lake mwezi uliwonse.

Chaka cha 2023 chinaphunzitsa aliyense za kuzima kwa magetsi kwa Eskom, ndipo ngakhale kutachepa, kuba mawaya ndi kuwonongeka kwa zida za m'madera akale kumazimitsabe misewu yathunthu. Pogula jenereta kumbukirani kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, pomwe mpweya ndi wopepuka ndipo injini ya petulo imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 aliwonse. Jenereta yolembedwa 5.5 kW kuno imapereka pafupifupi 4.5 kW. Ikhale ya AVR kapena ya inverter, yopereka magetsi osasinthasintha, kuti isaotche mikisa, ilumikizidwe kudzera pa changeover switch, ndipo ikhale panja poyera, kutali ndi polowera mpweya wa fani, chifukwa mpweya wakupha wa mu utsi wake sununkha. Pa jenereta khitchini igwiritse gasi. Mafiriji amakoka mphamvu yowirikiza katatu kapena kuposa akamayaka, choncho ayatsidwe imodziimodzi masipika asanayake. Mikisa ya digito ndi rauta yake zikhale pa batire yosungira magetsi, UPS yaing'ono.

Pa steji

Mu chipinda cha anthu 70, wa ng'oma ndiye amaika muyezo wa phokoso la wina aliyense. Snare, ng'oma yaing'ono yolira mokwera, yomenyedwa mwamphamvu imadzaza chipinda popanda maiki, ndipo enawo amangoithamangira. Ng'oma zikhale pa kapeti yokhuthala, kick, ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi, idzazidwe ndi pilo, snare imatidwe katepi, timitengo tikhale topepuka monga 7A, ndipo zimbale zikhale zopyapyala. Wa ng'oma wozolowera holo ya tchalitchi yaikulu amafunika kumufotokozera mwaulemu: "Achimwene, dzanja lanu likufika kukhomo lokha, tsitsani pang'ono kuti amayi akumveke." Ampu ya gitala ikwezedwe pa kireti n'kupendekera kumutu kwa mwini wake. Ikakhala pansi imaimbira mawondo ake, iye samva, ndipo amakweza mpaka a patsogolo atseke makutu.

Zida zokwanira ndi masipika awiri a mainchesi 12 okhala ndi ampu m'kati, sub imodzi ya mainchesi 15 kapena 18, mamonita atatu, ndi mikisa ya matchanelo 12 mpaka 16. Mikisa monga Behringer XR18, yoyendetsedwa ndi tabuleti, imalola woyendetsa kuima pakati pa anthu osadya malo a tebulo. Kudzera m'masipika kudutse mawu a oimba atatu pa maiki zolimba monga Shure SM58, kiyibodi, besi, kick ndi gitala pang'ono. Masipika akhale patsogolo pa mzere wa maiki, kamwa lake lili pamwamba pa mitu ya anthu, pa mamita 2.1 kapena kuposa, atapendekera pansi kuti aloze anthu m'malo mwa khoma lakumapeto.

Kulira kwa feedback kumayamba maiki ikamamva sipika yomwe ikukuza mawu ake omwe. Maiki monga SM58 siimva kumbuyo kwake, choncho monita ikhale kutsogolo kwa woimba, moyang'anizana ndi mchira wa maiki. Woimba akafumbata mutu wa maiki ndi chikhatho amatseka timabowo takumbuyo ndipo imayamba kumva mbali zonse. Pa tchanelo cha mawu dulani zonse za pansi pa 100 kapena 120 Hz, muchepetse pang'ono pakati pa 250 ndi 400 Hz pomwe mawu amachita matope, ndipo anthu asanabwere kwezani monita iliyonse pang'onopang'ono mpaka iyambe kulira, mudule pomwe ikulirapo, nthawi zambiri pakati pa 2 ndi 4 kHz. Kudula malo oposa atatu kapena anayi kumasonyeza kuti monita yaikidwa molakwika. Poyatsa, mikisa iyambe ndipo masipika amalize. Pozimitsa, masipika ayambe.

Makutu a ogwira ntchito nawo ndi ofunika. Malire a kuntchito ndi 85 dBA kwa maola 8, ndipo madesibeli 3 aliwonse owonjezera amadula nthawiyo pakati: 94 ndi ola limodzi, 100 ndi mphindi 15. Bungwe la WHO mu 2022 linaika 100 dB pa mphindi 15 ngati denga la malo oimbira. Chipinda chokonzedwa bwino chimavinitsa anthu pa 92 mpaka 95. Ogulitsa pa bala apatsidwe zotsekera m'makutu.

Ndalama za pakhomo

Tiyerekeze kuti pakhomo ndi R80 ndipo olipira ndi 55. Zatoleredwa ndi R4,400. Bandi ikatenga magawo 70 pa 100 ndi R3,080, ndipo anthu 7 akagawana aliyense apeza R440 asanachotse galimoto yonyamula zida. R1,320 yotsalayo iyenera kulipira woyendetsa zokuzira mawu ndi alonda awiri, ndipo sikwana. Phindu la mwini malo lili pa bala ndi pa mbale ya nsima, n'chifukwa chake bandi iziimba zigawo zitatu za mphindi 40 zokhala ndi mpumulo wa mphindi 20, nthawi yomwe anthu amagula. Bandi yoimba maola awiri osapuma imasangalatsa ovina koma imaumitsa bala.

Ndalama imadontha pa olowa ulere. Alamu ake a wa kiyibodi, akumudzi kwawo kwa mwini malo, abusa omwe "angodzaona": anthu 15 otere achotsa R1,200, ndipo adyanso malo a olipira chifukwa chiphaso chimawerenga mitu. Woimba aliyense apatsidwe mlendo mmodzi, mayina alembedwe lisanafike tsiku. Pakhomo pakhale anthu awiri, wa bandi ndi wa kalabu, matikiti akhale a manambala ndipo olowa adindidwe padzanja. Mgwirizano wa nthawi yofika, zigawo, gawo la ndalama ndi zakumwa zaulere ulembedwe pa WhatsApp, ndipo bandi ilipidwe usiku womwewo. Oimba a mu Joni amadziwana, mbiri ya malo osalipira imafika ku Tembisa sabata isanathe. Makina a khadi amachepetsa ndalama zosungidwa m'kabati, zomwe zimakopa achifwamba. Masiku ena chipinda chibwereketsedwe kwa makwaya oyeserera, a chinkhoswe ndi misonkhano ya mabungwe a maliro, omwe amasonkha zotumizira mitembo kumudzi ndipo amafuna malo okhazikika mwezi ndi mwezi.

Woimba wotchuka wochokera kumudzi ndiye yesero lalikulu. Pasipoti ya Malawi imalola kucheza masiku 30 popanda viza, koma kuimba kolipidwa ndi ntchito, ndipo kumafuna chilolezo cha ndime 11(2) ya lamulo la olowa ndi otuluka la 2002, chopemphedwa asananyamuke. Mtengo wake, basi kapena ndege ndi pogona sizingabwezedwe ndi mitu 70 pa R80, ndipo apa ndi pomwe eni malo amalowetsa anthu 150 n'kutseka khomo lakuseri. Njira yotetezeka ndi maphwando awiri tsiku limodzi, 2 koloko ndi 6 koloko, pa tikiti yokwera yogulitsidwiratu, chipinda chikutulutsidwa anthu onse pakati pake kwa mphindi 45 kuti mpweya usinthe, pansi pakolopedwe ndipo matikiti a gulu lachiwiri awerengedwe kuyambira pa 1.